Pampu pa Njira ya ku Chilumba

Pampu yoyamba inali itayamba kale kulira pamene galu wa Tagak anakana kuyenda. Anaima pa mulu wa chipale chofewa, mphuno pansi, osamva ngakhale mluzu.

Tagak anali mlenje wachikulire, ndipo kuuma mutu kwake kunkadziwika tauni yonse. Ndiye anakakamira pamsonkhano kuti akatswiri ochokera kunja aike mapampu awo pano, pa njira yowolokera ku chilumba kumene mabanja asanu amasaka. Zaka zitatu zotsatizana ayezi wa panjirayi ankasweka nyengo isanakwane. Nzeru ya akatswiriwo inali yokoka madzi a pansi pa ayezi n'kuwathira pamwamba kuti aundane, njira ilimbe.

Woyendetsa pampu anali mwana wake Saila. Mtsikanayu anatenga dzina la malemu amayi a Tagak, choncho mwa mwambo bamboyo ankamuitana kuti amayi.

"Amayi, tazimitsani kaye."

"Mwatopa kale, mwana wanga?" anaseka Saila. "Si inu munkalirira pampu usana ndi usiku?"

Anazimitsa ndithu. Tagak anagwada, nabaya chipale pang'onopang'ono ndi mpini wa mkondo. Mpiniwo unangolowa wopanda choutsekereza. Atatchera khutu, anamva kakulira kakang'ono pansipo.

Marit, mkulu wa akatswiriwo, anafika akupukuta magalasi. "Chavuta n'chiyani, bambo Tagak?"

"Pali kanyumba ka katumbu wa m'nyanja apa, nyama imene timasaka ija. Amaswera m'chipale, pamwamba pa ayezi. Madzi anuwa akalowamo, ubweya wa mwana unyowa, afa ndi kuzizira."

"Koma amaswera kumpoto," anatero Saila. "Munandiuza nokha."

"Kumpoto chipale chachepa, amayi. Asamuka. Ine ndinaloza malo ano pa mapu ndili m'nyumba yofunda, osayamba ndafunsa galu."

Dzuwa lisanapendeke, galuyo anali atapeza tinyumba tina tisanu ndi kamodzi, tonse m'kati mwa mbendera zofiira zozungulira malo othira madzi. Manyazi anamugwira Tagak, chifukwa mbenderazo anazika yekha.

Marit sanazungulire. "Kwatsala masiku asanu ozizira mokwanira. Tikasuntha mapampu, njira yanu sitiikhudzanso chaka chino. Dera ndi lanu, munene ndinu."

"Bwanji tithire mbali imodzi yokha?" anafunsa Tagak.

"Madzi alibe maso, mwana wanga," anatero Saila motsitsa mawu. "Mapanga awiri avumbwitsa."

Tagak anayang'ana chilumba chija nthawi yaitali. Chinkaoneka pafupi, ulendo wa ola limodzi basi. Anaganiza za anzake amene anawanyengerera khomo ndi khomo kuti avomere mapampuwo, ndipo mtima unamuwawa.

"Tikamiza ana a akatumbuwa, tidzawolokera kukasaka chiyani?" anafunsa, osayang'ana munthu. Anazula mbendera yoyamba n'kuiponya pa chilere chokokera katundu. Saila anayamba kukulunga payipi.

Chaka chimenecho ayezi wa panjira anasweka msanga kuposa kale, ndipo palibe anawoloka. Kusitolo, alenje awiri anasiya kumupatsa moni Tagak. Iye ankawapatsabe, n'kumadikira pang'ono pakhomo ngati angayankhe.