Malata a Mai Bright

Violet, yemwe pakomboni ponse ankangomuti Mai Bright, anakhoma malata panyumba yake mu Ogasiti, ntchito yosankha fodya itatha. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri basi, koma malatawo anawapeza ndi msana wake, zaka ndi zaka ali chiweramire mu shedi mpaka chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko chakale. Mwamuna wake anamwalira akulonjezabe malata omwewo. Tsiku limene anakhomedwa, Violet anaima pabwalo manja ali m'chiuno, nalira osabisa. Chimene ankadikira tsopano chinali mvula yoyamba. Ankafuna adzaimve ikugogoda padenga iye ali gone, osadzuka kukatchera mapoto ndi mabeseni monga anachitira moyo wake wonse.

Komboniyo inali m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Kariba, ukangopitirira Karoi. Makolo a anthuwo anachokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzalima fodya wa mzungu. Mzunguyo anachoka, famu inagawidwa, iwo n'kutsala pomwepo akugwira ganyu kwa mwini malo watsopano, amene ankakhala ku Harare. Mabasi a alendo akunja ankadutsa pamsewupo magalasi ali otseka, ndipo panalibe amene ankaganiza kuti mabasiwo angam'khudze.

Koma boma linawaganizira. Mu Okutobala munabwera galimoto yoyera, n'kutulukamo a Nobert, mkulu woona zokopa alendo m'chigawocho. Anali atangochokera ku msonkhano wa kuhotela, ndipo mimba yawo inkachitira umboni kuti msonkhanowo unayenda bwino. Kapitawo wa pafamu, Forget, anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango.

"Tikutsatsa dziko lathu kunja," anatero a Nobert, Chishona chawo chitadzaza ndi Chingerezi. "Dera lililonse likhale ndi mudzi wachikhalidwe wakuti alendo aziima, aziona, azijambula. Inuyo muli ndi mwayi, muli pamsewu. Kuyambira lero ndinu chikhalidwe chenicheni cha Zimbabwe."

Anthu anayang'anana. Chibadwire chawo ankangotchedwa obwera, lero anadzuka ali eni ake a chikhalidwe. Ena anaseka chamumtima, koma onse anaomba m'manja, pakuti mwini famu anali atavomera kale pafoni.

A Nobert anayendera nyumba zonse atakweza foni m'mwamba, akuonera komboniyo pagalasi. Makoma ogumuka anawasangalatsa. Nyumba ya nkhalamba ina, yopendekeka ngati woledzera, anaitcha chuma cha dziko. Atafika kwa Violet dzuwa linawala pamalata n'kuwathobwa m'maso.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi nyumba yanga, bambo," anayankha Violet monyadira, poganiza kuti afuna kuyamikira.

"Ayi, mhai," anatero a Nobert, akumutcha mayi m'Chishona chawo. "Munthu wochokera ku Jeremani malata ali nawo kwawo. Sangakwere ndege kudzaona malata. Izi zichoke, pakhale udzu."

"Udzu ndakhala nawo chibadwire, bambo. Mlendoyo akafuna kuuona apite kwa anzangawa, ulipo wambiri."

"Yanuyi ndiyo yoyamba kuonekera kumsewu. Ikuwononga chithunzi chonse."

Violet anakana, ndipo anakana mokweza mpaka nkhuku zinabalalika. Madzulo ake Forget anabwera, nakhala pamwala chipewa chili pabondo. Anakulira limodzi ndi malemu mwamuna wa Violet, ndiye sankatha kumuyang'ana m'maso.

"Mlamu, malata ndi anu, palibe akutsutsa. Koma dothi limene nyumbayi yaimapo ndi la a Shefu, eni famu. Akuti amene sakufuna chitukuko akapeze kwina kokhala. Inu mupita kuti? Ku Dedza mukudziwako ndani?"

Violet sankadziwako aliyense. Mawa lake anyamata anakwera padenga ndi nyundo, iye ali pansi kuwakalipira kuti asakulitse mabowo a misomali. Msomali uliwonse ukamazulidwa, mtima unkamupweteka ngati akumuzula dzino. Forget analonjeza kuti malatawo asungidwa bwino mu shedi mpaka alendo atazolowera.

Udzu wofolera unavuta. Moto wolusa unali utapsereza tchire lonse, ndipo wotsala unali wamfupi, wofewa, wongoyenera mbuzi. Anyamatawo luso lawo linali lopachika fodya m'balani, kufolera sankakudziwa. Anangoyala pang'onopang'ono kuti ukwanire, moti masana Violet ankaona dzuwa likusewera pamphasa pake. A Nobert ataona denga lija pafoni anati ndi lokongola kwabasi.

Kenaka anayamba kuphunzitsa anthu chikhalidwe chawo. Mafoni abisidwe. Nsapato zivulidwe. Amayi a Mvano, amene ankapita ku tchalitchi atavala zoyera zosita bwino, anauzidwa kuti azimanga nsalu pachifuwa n'kumasinja mumtondo, chonsecho chigayo chili pafupi ndipo chimanga chosinja chinalibe. Ankasinja mpweya, akuimba nyimbo za m'buku la tchalitchi, chifukwa ndi zokhazo zimene onse ankazidziwa mawu ake. A Nobert sankamva Chichewa chakuya, ndiye anati nyimbozo n'zamakolo ndithu, zikuwagwira mtima.

Akuluakulu a kuchigawo atabwera kudzaona, anakondwa ndi zonse kupatula chimodzi. Mlendo wakunja, iwo anati, amakonda kuona umphawi wa chilengedwe koma sakonda kuugwiritsa ntchito. Pafunika chimbudzi chamakono, chasimenti, chokhala ndi chipinda chosambiramo m'manja, ndiponso denga losadontha. Simenti ndi njerwa zinapezeka. Pofika padenga, thumba la ndalama za ntchitoyo linali litathera ku zipewa ndi masikipa olembedwa dzina la dziko.

Violet ankachokera kumunda wa ganyu, khasu lili paphewa, pamene anaona chinthu chikung'anima padenga la chimbudzi chatsopanocho, pafupi ndi mtengo wa mango. Sanafunse munthu. Anawadziwa malata ake monga mayi amadziwira mwana wake pagulu, mpaka lina lija lopindika pakona limene linagwa pangolo tsiku lowabweretsa. Anaponya khasu, napita kwa Forget.

"Ndiye shedi yake ndi imeneyi?"

"Angobwereka, mlamu."

"Kubwereka kokhoma ndi misomali?"

A Nobert, amene anali pomwepo akuyeza chitseko, anamwetulira. "Mhai, musadandaule. Dziko lakuonani. Takusankhani kuti mukhale woyang'anira ukhondo wa alendo." Anamupatsa kiyi wa chimbudzicho womangidwa pachingwe, namujambula akulandira. Anamulangiza kuti azisesa m'mawa uliwonse, ndipo munthu wa pakomboni asalowemo ngakhale zitavuta bwanji, chifukwa ndi cha alendo.

Choncho Violet ankasesa tsiku ndi tsiku pansi pa denga lake lomwe. Chimbudzicho chinali chokongola, zoona zake, kuposa nyumba iliyonse pakomboni. Chipinda chosambira m'manja chinali chachikulu, chopaka laimu, pansi posalala, ndipo munali musanalowe munthu n'kamodzi komwe. Akamaliza kusesa ankaima kaye n'kuyang'ana m'mwamba.

Tsiku lotsegulira linafika mu Novembala. Anati kubwera basi yodzaza ndi anthu a makampani oyendetsa alendo ochokera ku Ulaya, paulendo wawo wa ku Kariba. Kuyambira m'mawa amayi anaima ndi misi, abambo ndi ng'oma, onse opanda nsapato pamchenga wotentha. A Nobert, atavala suti, anadya mbuzi ya mwambowo nthawi isanakwane, n'kutsirira ndi maheu amene anali atakhalitsa padzuwa. Masana anadutsa. Kum'mawa kunada bii, mphepo n'kuyamba kununkhira dothi lonyowa.

Basi inatulukira pamodzi ndi madontho oyamba. Ng'oma zinalira, misi inagunda m'mitondo yopanda kanthu, a Nobert anathamangira kumsewu akukupiza manja. Basiyo inachepetsa liwiro. Pawindo panaoneka nkhope zoyera zingapo ndi dzanja limodzi likubayibitsa. Woyendetsa anayang'ana mitambo, anayang'ana matope amene ankayamba pokhotera, n'kuponda mafuta.

"Ationa!" anafuula a Nobert. "Mwaona? Ationa! Chiyambi chabwino chimenechi!"

Panalibe womvetsera, chifukwa mvula inagwa yonse nthawi imodzi ndipo aliyense anathamangira kwake. Violet anapeza m'nyumba mwake mukugwa mvula yofanana ndi ya panja, kungoti ya m'nyumbayo inali ndi zinyalala. Ufa unali utasanduka phala. Bulauzi yake ya Mvano, imene anaipachika pakhoma, inali ndi mizere yakuda ya madzi a udzu. Mwa chizolowezi anatola poto kuti atchere, koma anaima nayo m'manja, osadziwa kuti pa malo onsewo aiike pati. Apo m'pamene mtima wake unakwana.

Anapinda matiresi, nawasenza pamutu. Anabwerera kudzatenga sutikesi, mbaula ndi Baibulo. Anatsegula chipinda chopaka laimu chija, anayala matiresi pasimenti youma, anakhoma chitseko ndi loko wam'kati, nagona chagada. Pamwamba pake mvula inkagogoda pamalata, mwamphamvu, mosalekeza, ndipo panalibe dontho ndi limodzi lomwe limene linamugwera. Anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. Mvulayo inkamveka bwino kuposa mmene ankaganizira.

Sipanapite nthawi, chitseko chinagwedezeka.

"Mhai! Mai Bright! Tsegulani msanga!" Anali a Nobert, mawu awo atapyapyala. Mbuzi ndi maheu zija zinali zitayamba msonkhano wawo m'mimba.

"Ndani?"

"Ndine, Nobert! Chonde, zavuta!"

"Muno ndi mwa alendo, bambo. Munanena nokha."

"Ineyo ndine wa boma!"

"Ndiye kuti si inu mlendo," anatero Violet, akukokera bulangeti pachifuwa. "Tchire lili kuseri kwa mango uko. Pitani mukaone chikhalidwe."