Waya wa Kuseri kwa Wailesi

Mwana wanga wamkazi anali wokonza zamagetsi m'magalimoto. Kugalaja kwawo ankamutchula kuti Mayi Mawaya. Ine ndinkangoti mayi, poti nkhope anatengera mayi anga ondibala. Ndikulemba izi chifukwa mutu wayamba kutaya zinthu, ndiye izi zokha zisatayike.

Ine ndinayendetsa malole zaka makumi atatu. Nditapuma ndinatsala ndi kagalimoto kanga kakale, kotuwa, ka wailesi yolowetsa kaseti. Makaseti onse wailesiyo inatafuna. Tsiku lina ndinamutenga mwanayo kuntchito, nkundimva ndikuimba mluzu ndekha.

"Bambo, mukuvutikiranji? Ndipatseni ola limodzi lokha. Ndizula wailesiyi, ndilumikiza waya kuseri kwake, inu muzingobaya fulashi. Nyimbo zizimveka ngati oimbawo akhala mpando wakumbuyowu."

"Udula mawaya?"

"Awiri okha."

"Ayi."

Ndinaonapo lole ikupsa yonse mpaka matayala chifukwa cha munthu wodziwadziwa amene anagwira mawaya a mudashibodi. Ndikanamuuza zimenezo bwenzi atandimvetsa. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwangamu nchakuti, "Galimoto yanga si yophunzirirapo ntchito." Munthu woti ntchitoyo waigwira zaka khumi ndi chimodzi, mabwana a magalimoto onyezimira amachita kumudikira pamzere. Anangoyang'ana pawindo, nkumapukuta zala pa ovolosi.

Patapita sabata anabwera ndi kachipangizo kotalika ngati chala, akuti modyuleta. Anakabaya poyatsira ndudu paja, pamutu pake nkubayapo fulashi. Anandifotokozera kuti kameneka ndi kasiteshoni kakang'ono, kamaulutsa za mufulashi, wailesi nkumazigwira ngati mmene imagwirira siteshoni iliyonse. Anaika nambala imodzimodzi pakachipangizoko ndi pawailesi.

"Apatu sitinadule kanthu, mtima ukhale m'malo. Koma kazichita phokoso, musadzandinene."

"Phokoso ndinalizolowera. Ndinalera iwe."

Anaseka, ine nkuona ngati nkhani ija yatha.

Mufulashimo anaikamo nyimbo za nthawi yathu. Zikatha zisanu ndi imodzi kunkabwera mawu ake, anajambula pafoni ali kuntchito. "Bambo, ndi ine. Mwamwa mankhwala a BP? Musandinamize, ndikawerenga mapilitsiwo." Kenako kunkamveka timawu tina chapansipansi, koma phokoso la kachipangizoko, shiii ngati mvula yapamalata, linkatikwirira. Masiku amenewo ndinkadandaula kuti akundidulira nyimbo.

Anadwala miyezi inayi. Zakuchipatala sindilemba. Tinamuika Lachiwiri.

Chichokereni iye ndinayamba kuliza galimoto mmawa uliwonse, ngakhale kopita kulibe. Ndinkayenda pang'onopang'ono kudikira nyimbo zisanu ndi imodzi zithe. Akandifunsa ndinkayankha. Tsiku limene sindinamwe ndinkavomera kuti mayi, lero ndaiwala, nkubwerera kunyumba kukamwa.

Koma poyatsira ndudu paja panayamba kugwedera. Ndikaponda hampu kachipangizo kaja kankazima, kakayaka nkuyambiranso nyimbo yoyamba. Tsiku lina ndinazungulira tauni yonse osafika pamawu ake. Ndinapinda kapepala nkupanikizira, zinakhalako bwino. Ndiye kunabweranso vuto lina. Kunatsegulidwa siteshoni yatsopano pafupi ndi nambala yathu ija. Ndikayandikira kumsika, mwana wanga amati akangoti "Bambo, ndi ine," pamalowerera mwamuna wina wokuwa za matiresi otsika mtengo. Mwezi usanathe wamatiresiyo anafika mpaka pakhomo panga. Ndinayesa kudinadina timabatani kuti ndimuthawe, nkusokoneza zonse. Masiku atatu wailesi inangoti shiii. Ndinkakhala m'galimoto pabwalo, injini ikulira, aneba akusuzumira pampanda.

Tsiku lachinayi ndinapita kugalaja kwawo. Chimwalirireni iye ndinali ndisanapondeko. Ndinapeza a Fyuzi, bambo wa imvi amene anamuphunzitsa ntchito, ankagwirira tebulo limodzi. Ovolosi ya mwana wanga inali ikadali pamsomali.

"Madala, mwatikumbuka lero."

Ndinawauza zonse, ndi za mawu aja. Ndinawapempha kuti chilichonse angachite, fulashiyo asaifufute. Anaizula nkundiikira m'thumba la malaya iwo eni.

"Nambala ndikhoza kukusinthirani, kamveka lero. Mawa ilowa siteshoni ina. Kameneka kamalimbirana mphepo ndi akuluakulu, sikangapambane. Mankhwala ake ndi waya basi."

"Dulani."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ife tinamva kuti galimoto iyi sigwiridwa."

"Anakuuzani?"

"Galaja yonse inadziwa, madala. Tinamuseka sabata yathunthu."

Ndinakhala pampando wapasenja, chitseko chili chotsegula. A Fyuzi anamasula tizitsulo tinayi nkuikoka wailesi. Anasuzumira ndi tochi m'bowomo, nkuunikanso kachiwiri. Ine ndimati apeza popsa.

"Bwerani muone."

Munali waya woyera, watsopano, womangidwa ndi timalamba motalikirana bwinobwino, kuchoka kuseri kwa wailesi kukafika kukabokosi kosungira mapepala kaja. Kumeneko anabisako kachipangizo kobayapo fulashi. Nsonga ziwiri za wayayo zinali zokulungidwa ndi tepi yakuda, zosalumikiza paliponse. Mawaya anga akale onse anali amphumphu, sanadulepo ngakhale mmodzi. Pafupi ndi nsongazo anamatapo katepi kapepala, nkulembapo ndi bolopeni: Akavomera.

"Dzanja ili ndikulidziwa," anatero a Fyuzi. "Palibe wina amamanga chonchi muno. Munamusiyirapo liti galimotoyi?"

Ndinakumbuka. Tsiku limene nyali zakutsogolo zinafa ndinamusiyira kuyambira mmawa. Madzulo ndinamukalipira kuti mababu awiri okha mpaka tsiku lonse.

"Ntchito yonse anamaliza kale. Kwatsala kudula awiri aja ndi kulumikiza. Ndipange?"

"Ndavomera," ndinatero. A Fyuzi anadziwa kuti sindikuuza iwo, anadikira kaye pang'ono asanatenge pulayala.

Sizinatenge ndi mphindi khumi zomwe. Anabwezera wailesi, ine nkubaya fulashi ndi dzanja langa. Anandionetsa kabatani kodumphira nyimbo, chinthu choti pakamodyuleta kaja ndinkaopa kuchigwira. Ndinadina kasanu ndi kamodzi.

"Bambo, ndi ine."

Phokoso lonse lija kunalibe. Ndinamva mpaka kupuma kwake. Kumbuyo kwake sipanala inagwa pasimenti, simenti yomweyo imene ndinali nditapondapo phazi. Ananena za mankhwala, za kuwerenga mapilitsi. Kenako timawu tija tinamveka koyamba. Anali a Fyuzi, chapatali, akumuseka.

"Ukutaya nthawi iwe, madala akowo samva."

Iye nkuyankha, akuseka naye, "Amamva. Amangochedwa."

Nyimbo yachisanu ndi chiwiri inayamba. A Fyuzi anapita kumpopi kukasamba m'manja, anakhalitsa komweko, chonsecho manja sanade kwenikweni. Ine ndinatsala m'galimoto, sindinathe kudinanso.

Katepi kapepala kaja ndinawapempha, kali m'chikwama pamodzi ndi laisensi. Kamodyuleta ndinakaika mudirowa, kutaya ndalephera, anagula ndi iye. Tsopano ndimadutsa pamsika, ndimaponda mahampu, mawu ake sadukanso. Kabatani kodumphira kaja ndinasiya kukagwiritsa ntchito. Ndimadikira nyimbo zonse zisanu ndi imodzi, mmene anazikonzera mwini wake.