Masipoko Safupika

Funso lija Towera, mphunzitsi wa masamu, anayamba wafunsa Kizito, osati wina aliyense. Anali awiriwiri mu ofesi ya aphunzitsi pa sekondale ina ya ku Manyamula.

"A Kizito, inu a fizikisi mumati chinthu chikathamanga pafupi ndi liwiro la kuwala chimafupika. Nanga gudumu la njinga litazungulira chomwecho? Limu ikafupika, masipoko atani? Nambala yanga ya pai ipulumuka?"

Kizito anayang'ana pansi, nati ayankha mawa. Kwa miyezi isanu ndi itatu mawu ofunsira Towera ankamukanirira pakhosi, choncho yankho ili anafuna likhale lopanda chilema. Analemba masamba anayi, nawakoperanso mwaudongo.

M'mawa mwake anapeza njinga itagadamitsidwa pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi ataizungulira. Lyson, mphunzitsi watsopano wochokera ku Kasungu, ankapukusa pedulo ndi dzanja, Towera ali chilili pafupi naye.

"Nkhani yake njophweka, madamu," anatero Lyson. "Limu ifupika, masipoko afupika, gudumu lonse lichepa ngati chitsekero cha botolo. Pai wanu ali bwinobwino."

"Yewo chomene!" Towera anathokoza akuwomba m'manja. "Enatu mpaka mawa."

Kizito anadutsa pakati pa aphunzitsiwo, masamba ake ali m'manja.

"Bodza limenelo!" Mawu anatuluka mokweza kuposa momwe anafunira. "Chinthu chimafupika motsata kumene chikulowera basi. Limu imayenda motsata utali wake, koma sipoko imayenda cham'mbali, ndiye siifupika. Munthu atakhala pa limupo, rula yake ingafupike, ndipo angapeze kuti mzere wozungulira watalika kuposa momwe pai amanenera. Kaya ku koleji kwanuko munkaphunzira kumata machubu, ine sindidziwa."

Gudumu linazungulirabe pang'onopang'ono mpaka linaima.

Lyson anakanda m'mutu, naseka. "Ndagwa nayo, akulu. Mundiphunzitse."

Towera anasolola masamba aja m'manja mwa Kizito, nawerenga loyamba mpaka m'munsi.

"Mwalondola, a Kizito. Koma chipongwecho chinali cha chiyani?" Anatembenukira kwa Lyson. "Mbwenu tikawerengere limodzi pa buleki, a Lyson. Alemba zooneka bwino."

Belu linalira. Awiriwo anatsogola, mitu itagundana pa tsamba lachiwiri. Kizito anatsala pambuyo, nalowa m'kalasi chimanjamanja.