Kampata Kolowa Lezala

Mpini wa mfuti wachitatu unang'aluka pomwe inang'alukira iwiri yoyamba ija, kumbuyo kwa chitsulo, pamene dzanja limagwira munthu akamawombera. Ulendo uno mng'alu sunapite wokha. Kachidutswa ka mtengo kanathetheka n'kuwang'amba alamu ake a mmisiri kuyambira patsaya mpaka m'munsi mwa diso, njati ili chiimire patsogolo pawo. Anapulumuka chifukwa mnzawo anali pambali ndi mfuti ina.

Alamuwo, amuna a mlongo wake wamng'ono, anali mlenje wolembedwa ntchito. Njati kapena njovu ikalusa n'kuyamba kuvulaza anthu m'minda, oitanidwa anali iwowo. Mfuti yawo inali chimfuti ndithu, choti chikalira chimakankha phewa ngati wamenyedwa ndi chitseko cha lole. Ukali wonsewo umathera mu mpini, ndipo wosema mipini anali mmisiriyu.

Ntchitoyi sanali woifunsa kwa munthu. Ankasankha thabwa louma bwino, la mizere yowongoka. Ankapyoza mabawuti awiri chopingasa kuti amange mtengo. Kutsogolo, pomwe chitsulo chiyenera kutsamira, ankalimbitsa ndi guluu. Koma kumbuyo kwenikweni ankasiyako dala kampata kolowa lezala, chifukwa chitsulo chikamagunda pamenepo chimachita zomwe nkhwangwa imachita pa chikuni.

Anachita zonsezi katatu, ndipo katatu konse mtengo unamuchititsa manyazi. Mpini ukabwerera, utada ndi mafuta ndi fumbi, ankaona kuti chitsulo chinkagunda mtengo ngati kampata sanakasiye n'komwe. Ndiye kuti maso ndiwo ankamunamiza. Anagula magalasi ena, anawonjezera babu pamwamba pa benchi, koma ayi ndithu. Alenje ena anasiya kubwera, ndipo omwe kale ankamupatsa moni ali patali tsopano ankangokweza dzanja. Anatopa. Sikunali kutopa kwa msana ayi, kunali kuja munthu umatsegula shedi m'mawa n'kumaopa tchizulo chako chomwe.

Kudenga kunatsala thabwa limodzi, lomwe linauma zaka khumi ndi ziwiri.

"Alamu, uwu ukang'aluka ndikiya shedi," anatero akulitsitsa.

"Musakiye msanga, alamu," anayankha mlenje akusisita chipsera chake. "Ukang'aluka uwu mudzandikhomera kaye bokosi. Koma limenelo musadzasiyemo mpata."

Anaseka onse, koma mmisiri kuseka kwake kunathera pamano.

Anasema masabata asanu. Kampata kaja anakayeza ndi lezala kambirimbiri mpaka chala chinatuluka magazi. Lolemba anapereka mfuti. Lachitatu masana, akusesa utuchi, anapeza kasipanala ka mabawuti aja katagwera kuseri kwa benchi. Anali atamva kuti alamu anyamuka mawa lake, njati ina itagunda munthu kumunda, ndiye anakatenga kuti akawapatse, n'kuuyamba wapansi, dzuwa likuswa mtengo.

Alamu sanawapeze, anali atapita kukatenga zipolopolo. Pakhonde panali mlongo wake, mfuti ataigoneka pamiyendo pa kansalu koyera. Pambali pake panali kachitini ka guluu wosakaniza ndi utuchi ndi polishi wa nsapato. Mlongoyo anali atawerama ngati akutunga singano, akusokeza phalalo m'kampata kaja ndi kamtengo ka machesi.

"Achemwali, mukutani?"

Mayiyo anadzidzimuka, n'kuyesa kubisa kachitini ndi phazi.

"Achimwene, musakhumudwe. Ndimangokonzakonza."

"Mukukonza chiyani?"

"Pomwe mumaphonya paja." Anatsitsa mawu ngakhale pabwalo panalibe munthu. "Tsiku lomwe munabweretsa mpini woyamba, anzawo a bambo a kunowa anaona mpatawu n'kumaseka, amvekere mkulu uja maso atha, akusiya mabowo ngati mpando wa pamsika. Zinandiwawa, achimwene. Inu amene munatilera ndi tchizulo! Ndiye ndimadikira iwo achoke, n'kutsekapo bwinobwino. Palibe anadziwapo."

"Yonse itatu?"

"Yonse. Wachitatu uja ndiye munaphonya kwambiri."

Mmisiri anakhala pansi pa sitepe. Zaka ziwiri akutukwana maso ake, zaka ziwiri akudzuka ndi mtima wolemera, pamene maso analibe mlandu. Anafuna kukalipa, koma mkwiyo nawonso umafuna mphamvu, ndipo iye analibe. Chomwe anamva ndi chisoni basi.

"Bweretsani kuno. Guluu sanaume?"

"Sanaume."

Anatulutsa lezala m'thumba la malaya n'kuyamba kupala. Akupala choncho anamufotokozera pang'onopang'ono za nkhwangwa ndi chikuni, kuti chitsulo chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, ndi kuti kampatako ndiko kamasunga nkhope ya munthu. Mlongo wake ankamvetsera akugwedeza mutu. Kenako mutu unasiya kugwedezeka. Dzanja lake linakwera lokha n'kukagwira patsaya, m'munsi mwa diso.

"Ndiye kuti chipsera chija…"

Mmisiri anapukuta lezala pa buluku, n'kulilowetsa m'kampata. Linalowa mpaka pansi.

"Mayo ine! Achimwene, ndikanawapha ndine. Akabwera ndiwauza."

"Musawauze."

"Nanga anthu azingoti ndinu?"

"Anena kale, ndipo ndazolowera. Inu muli ndi zaka zambiri zoti mudye nawo mbale imodzi, mukuyang'ana tsaya limenelo."

Kumsewu kunamveka kulira kwa njinga yamoto ya alamu. Mmisiri anatola kachitini kaja n'kukaika m'thumba mwake, guluu akudontha m'malaya.

"Pukutani m'maso," anatero. "Muwauze kuti ndinabwera kudzakonza pomwe ndinaphonya."