Mfundo ya pa Waya wa Mkango

Patatha masabata awiri chiikireni maliro a mng'ono wake, mlamu wake anamuitanira m'kachipinda kakuseri, momwe malemuyo ankapangira zida za gulu la zisudzo. Munali malupanga amatabwa a timababu kunsonga, ndipo patebulo panali mutu wa mkango wamakatoni, manyenje ake azingwe zakale.

"Mawu awo ali m'menemu, alamu," anatero mayiyo. "Ankajambula kubangula, kenako anaphulika kuseka. Kubangula pang'ono, phwete lambiri. Batani lake linathothoka. Inu si mwatha zaka makumi awiri kunja, kwa eni makina?"

Anathadi zakazo, akukolopa makonde a fakitale. Sananene. Munthu amene ukwati wa mng'ono wake unamuphonya, matenda n'kumuphonya, kumanda n'kupeza dothi litauma, angakanenso kabatani?

Anatsegula kukhosi kwa mkangowo. M'kati munali kabolodi kobiriwira, kasipika, mabatire atatu ndi mawaya anayi olendewera, awiriawiri. Zilembo za pakabolodi zinali zitakwiririka ndi guluu. Awiri ena anali omangidwa mfundo. Anakumbukira kuti kufakitale kuja amisiri ankamanga mfundo pa waya wokokedwakokedwa kuti usazuke. Ndiye a batani ndi omwewa, anatero mumtima.

Anamasula mfundoyo, n'kusenda nsonga ndi mano ngati kale ali anyamata, n'kuwotcherera batani latsopano. Utsi wa mtovu unamulowa m'maso.

"Mwamaliza, a injiniya?" anafunsa mayiyo.

"Ndamaliza. Dinani."

Mayiyo anapukuta chala pa diresi, n'kudina, osachotsapo. Kanyali kofiira kanayaka pakabolodi. Mkango uli duu.

"Musadandaule alamu, ndi mabatire chabe. Zazing'ono izi," iye anatero.

Mayiyo anachotsa chala pang'onopang'ono. Maso ake anali pa mawaya opindikapindika aja.

"Panali mfundo apa?"

"Ndamasula."

"Bambo akunowa waya wojambulira ankaumanga mfundo. Aliyense wa m'gulumu amadziwa. Wa mfundo sakhudza."

Iye anatenga mawaya awiri otsalawo n'kugunditsa nsonga zake. Mkango unayankhula, ndi mawu osasa a munthu wachilendo amene lilime lake linazolowera zinenero zina: "Musadandaule alamu, ndi mabatire chabe."

Anagunditsanso, ngati kuti pansi pa mawu akewo patsala kanthu. Anagunditsa kachitatu.

"Basi," anatero mayiyo. "Kamasunga mawu amodzi okha; akale aja afufutika."

Anayembekezera kuti amulalatira, ndipo akanakonda zimenezo. Koma mayiyo anangokhala pampando wa malemu, n'kuyamba kulongedza tizidutswa ta waya m'chitini, tofiira patokha, takuda patokha.

"Ine sindinamvepo," iye anatero. "Kuseka kwake ali bambo wamkulu, sindikukudziwa."

"Kunali konyansa. Ngati chitseko chosadzoza mafuta." Mayiyo anafuna kuseka, koma pakamwa panakana. "Agulu akubwera kudzautenga Loweruka. Mkango sungakwere pasiteji n'kumanena za mabatire. Mubangule ndinu. Mimba inali imodzi, mwina pakhosi mufanana."

Anamukankhira mutuwo. Iye anawerama, ndevu zake zaimvi zikukhudza manyenje, n'kudina batani. Kanyali kanayaka. Anatsegula pakamwa, koma kubangula osatuluka, ndipo kanyaliko kanayakabe, kakudikira, mpaka kanazima kokha.