Ntchito Nambala 17

Munthuyo analowa masana mushopu yathu yosindikiza mapepala, chipewa chitaphimba maso, n'kukhoma chitseko. M'manja anali ndi chitsulo chomasulira matayala.

"Mzimayi wabwera m'mawa uja, wa bandeji pamkono. Wasiya chiyani muno?"

Mzimayiyo anali mayi anga. Anati agwa pamasitepe. Ananditumizira fayilo n'kundilumbiritsa kuti ndisaitsegule: "Ungosindikiza makope makumi asanu, mwanawe." Koma pulinta yaikulu inali itatafuna pepala, ntchito zonse zinangoima pamzere.

"Sindikudziwa, achikulire," ndinatero.

Anatembenukira pulinta n'kuiphwanya. Galasi linamwazika, ufa wa inki unandilowa m'kamwa.

"Zatha," anatero ali wefuwefu.

Ndinalakwitsa, ndinayang'ana pakompyuta. Pasikirini yakuda pomwe ndimalemba malamulo, ntchito nambala 17, ya mayi ija, inali ikudikirabe. Iye anatsata maso anga, n'kukweza chitsulo.

"Iswani, koma ntchitoyo siifa," ndinafulumira. "Mzere umasungidwa pamakina ena, m'chipinda chokhoma."

Anandigwira dzanja lamanja, kuligoneka patebulo. Ndinamva chala chikuti thyo, ululu unabwera pambuyo.

"Zatsala zinayi, chemwali. Fufuta."

Ndinalemba ndi dzanja lamanzere, chilembo chimodzichimodzi, misozi ikugwera pamabatani. Iye malamulowo sankawadziwa. M'malo mwa lofufuta ndinalemba losamutsa. Nambala 17 inasowa pasikirini.

"Mwaona? Yapita."

Anamwetulira. Kumwetulirako ndinkakudziwa, koma sindinakumbuke kuti ndinakuona kuti.

Kuseri kwa khoma, komwe omata mabuku awiri ankadya, kapulinta kakale kanatsokomola n'kuyamba kukoka mapepala. Nkhope ya munthuyo inagwa. Anandiponya mbama, ndinagwera m'magalasi.

Chitseko chakuseri chinatseguka. Womata wamkulu anaima, pepala m'manja. Anayang'ana pepalalo, anayang'ana mlendoyo.

"Aise, pachithunzi umaoneka bwinoko!"

Chitsulo chinamupeza paphewa, koma mnzake anali atanyamula kale mpando. Anagubuduzana atatu mpaka chipewa chinagwa, mlendo ali chafufumimba, bondo la womata lili pakhosi.

Pepala lija linagwera pafupi nane. Ndinaliwongola ndi dzanja labwinolo. Pansi pa chithunzi mayi analemba: "Uyu wandithyola mkono. Akufuna mwana wanga, koma sakumudziwa nkhope."

Kenako dzina, m'zilembo zazikulu. Linali lomwe ndimalemba kumapeto kwa langa chiphunzirireni kugwira pensulo, la bambo anga, amene mayi ankati anamwalira ndisanabadwe.