Utsi Pansi pa Chishalo

Renee anafika kunyanja m'mawa atakonzekeratu mawu ake. Anapeza bambo ake, a Duane Halvorsen, atazika mutu m'mimba mwa njinga yawo yamoto ya pamadzi, chishalo atachichotsa n'kuchiika padoko pambali pa khofi wozizira. A Merle, aneba amene dzulo lake anawakoka ndi boti kuchokera pakati pa nyanja, anali pampando wopinda akupereka malangizo amene palibe anawapempha.

"Mdala, chinthuchi chakalamba ngati mwini wake," anatero a Merle. "Chigulitse ugule mbedza."

"Iwe tatseka pakamwapo. Wandikoka kamodzi kokha, tauni yonse yamva kale."

Pangano lake onse atatu ankalidziwa. Chidwalireni mtima a Duane m'nyengo ya chipale chofewa, Renee anawaletsa zambiri: mchere, makwerero, kuwaza nkhuni. Chinatsala ndi njingayo basi. Itawazimira pakati pa madzi, anawalumbiritsa pafoni kuti ikakanika kukonzeka lero aipereka, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo anavomera mwamatama, poti chibadwire panalibe injini imene inawagonjetsapo.

Batire anali atalitchaja, mapulagi atasintha, petulo wogonera chaka chatha atamukhuthula. Anadina batani, injini n'kulira bwinobwino.

"Wamva, mwanawe? Ikuimba!"

Anabwezera chishalo, anakwera, ananyamuka. Asanapitirire n'komwe mabango, injini inayamba kutsokomola, kenako zii. Anabwerera akupalasa ndi nkhafi, a Merle akuwaombera m'manja. Anachotsa chishalo, anagwiragwira mawaya, anadina, inalira. Anabwezera, ananyamuka, inazimanso pamalo omwe aja. Dzuwa linakwera zikungoyenda chomwecho, ndipo a Merle nthabwala zinawathera.

Renee anakulira m'galaja ya bambo akewo, masipanala anawadziwa asanadziwe kumanga tsitsi. Chishalo chitachotsedwanso, kafungo kofunda kanamulasa m'mphuno, maso n'kuyamba kuyabwa. Bambo ake sanamve kanthu, mphuno yawo inapita kalekale ndi fodya. Renee anawerama ngati akungoyang'ana zachabe. Chakumbuyo, pamene paipi yalabala yotulutsa utsi imangidwa ndi lamba wachitsulo, panali kamzere ka mwaye kotsikira pansi.

Zonse zinamuonekera poyera. Paipi yang'ambika, utsi ukuthawira m'kati. Chishalo chikatsekedwa, injini ikupuma utsi wake womwe mpaka kubanika, chikatsegulidwa ikupeza mpweya n'kudzuka. Ndipo munthu amakonza injini chishalo atachichotsa, ndiye matendawo ankabisala nthawi iliyonse imene dokotala wafika.

Chofunika chinali kungotseka pakamwa basi. Pofika madzulo akanapeza chimene anabwerera, n'kumagona tulo osaopa foni. Mantha ake sanali amasewera. Anawaona bambo ake ali gone m'chipatala, machubu ali m'mphuno, ndipo sankafuna kudzawaonanso akuvuulidwa m'madzi.

A Duane anakhala pansi padoko, miyendo ili lende. Anavula chingwe cha kiyi padzanja n'kuchitambasulira kwa mwana wawo.

"Tenga. Mwina Merle akunena zoona."

Mawu otere Renee sanawamvepo, ngakhale kuchipatala kuja, kumene bambo akewo ankakalipira anamwino chifukwa cha supu wopanda mchere. Anali mawu a munthu amene wavomera kukhala pawindo n'kumaonerera anzake. Zinamupweteka kuposa mantha aja.

"Ababa, mwagonja msanga bwanji? Si mmene munandilerera ayi. Bweretsani dzanja."

Anawagwira chala n'kuchilondolera kunsi kwa paipi, pamene labala anang'ambika. Chinatuluka chili bii. A Duane anachiyang'ana, anayang'ana chishalo, kenako anaphulika kuseka mpaka abakha anauluka.

"Ha! Ikudya utsi wake womwe! Merle, wamva? Si ukalamba!"

"Ine ndimaganiza zomwezo," anatero a Merle.

"Bodza!" anatero Renee. "Pakamwa papume tsopano, amalume, miyendo igwire ntchito. Kusitolo ya maboti, paipi ngati iyi ndi malamba atsopano. Musakacheze."

Pofika masana anali atamanga paipi yatsopano. Renee analiza injini chishalo chili chotseka, anaisiya kwa kanthawi, anatsegula n'kununkhiza. Munalibe kanthu koma kafungo ka oyilo. A Duane anavala jekete yoyandamitsa n'kuima pamaso pake ngati mwana wopita kusukulu.

"Ukanangokhala chete bwenzi utawina," anatero chapansipansi.

"Ndikudziwa."

"Nanga?"

"Injini ndi yabwinobwino, ababa. Imangosowa popumira."

Anawakoka lamba wa jekete mwamphamvu monga mwa chizolowezi chake, mpaka iwo anabanika. Anaima kaye. Kenako anamasula pang'ono, n'kulowetsa zala ziwiri pakati pa lamba ndi chifuwa kuti aone ngati pali mpata.

A Duane ananyamuka, madzi akuthovoka kumbuyo. Renee anatsala padoko, manja ali mwaye okhaokha. Bambo ake anapitirira mabango. Anazimiririka kuseri kwa chilumba, osacheuka ngakhale kamodzi. Iye sanayang'anenso. Anangotchera khutu, ndipo kutali uko injini inali kulirabe.